Madebe Asanu ndi Limodzi ndi Theka

Ana anga, inu mumandidziwa ngati mdala wokangana ndi wailesi pakhonde, koma ndinagwirako ntchito ine. Za ubwana wanga ku Ntcheu sindilemba, chifukwa ng'ombe zimene ndinkaweta zinali ngati ng'ombe zina zonse. Ndiyambira pomwe boma linandipatsa ovolosi ndi bokosi la masipanala. Ndikufuna mudziwe mbiri ya ndodo ya nsungwi ili kuseri kwa chitseko cha kuchipinda ija, imene amayi anu akhala akufuna kuisandutsa mpini wa tsache kwa zaka zoposa makumi anayi.

Chaka choyamba ku Rumphi

Nditamaliza maphunziro a umakaniki ndinakhala miyezi isanu ndi itatu pa galaji ina ya boma ku Lilongwe, ntchito yanga kutsuka zitsulo ndi kutumidwa tiyi. Kenako kunabwera kalata yoti ndipite ku Rumphi ndikasamale galimoto za chipatala. Uku kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Anzanga anandiseka kuti ndikadya kondowole mpaka kuiwala kwathu. Ndinanyamuka ndi amayi anu, iwe Esinati uli kumsana. Chitumbuka ndinkangodziwa liwu limodzi, yewo, kutanthauza zikomo, ndiye moni ndinkayankha yewo, funso yewo, mpaka mayi wina wogulitsa tomato anafunsa amayi anu ngati bambo akunyumba ali bwinobwino m'mutu.

Bwana wanga anali Bambo Msiska, woyang'anira zaumoyo, munthu wophunzira kumishoni, mkulu wa mpingo, wovala tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Sanali munthu woipa ayi. Vuto lawo linali limodzi: chimene chalembedwa papepala, kwa iwo chinali ngati chatsika kumwamba. Ukawauza kuti tayala latha, ankatsegula fayilo n'kunena mofatsa kuti, "Koma a Mbewe, apa palembedwa kuti tayalali ndi la chaka chatha." Inenso ndinali ndi vuto langa, pakamwa panga panalibe chitseko. Choncho tinkakangana pafupifupi sabata iliyonse, iwo ataloza pepala, ine nditaloza tayala. Galimoto tinali nazo zitatu koma yoyenda inkakhala imodzi, ikudya ziwalo za zinzake. Mafuta ndiye anali osowa kwambiri zaka zimenezo. Panali nthawi ina ambulansi inakhala masabata atatu pansi pa mtengo wa mango, nkhuku mpaka kuikiramo mazira.

Chaka chachitatu: boti lifika ku Mlowe

Kumwera kwa Mlowe kuli midzi ya m'mbali mwa nyanja komwe kunalibe msewu. Mapiri amatsika molunjika mpaka m'madzi, ndipo wodwala ankabwera pa bwato kapena kufera komweko. Pofuna kufikira midzi imeneyi, ofesi yathu inagula boti lakale kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Ine anandisamutsira ku Mlowe kuti ndizilisamala, n'kutipatsa kanyumba kuseri kwa chipatala chaching'ono cha pamenepo.

Botilo linali la matabwa, injini yake ya dizilo ili m'kati, thanki ya mafuta ili pansi pa matabwa opondapo. Geji yosonyeza mafuta inafa kalekale. Linabwera ndi zinthu ziwiri: pepala lonena kuti thanki imalowa magaloni 40, ndi a Harawa, bambo wachikulire wa konko amene anali woyendetsa wa mzunguyo. Ife mafuta tinkapimira debe la magaloni anayi, ndiye malinga ndi pepala, thankiyo inali ya madebe khumi. A Harawa anali ndi ndodo yawo yoviika m'thanki, yakuda bii ndi mafuta, yokhala ndi mizere itatu yotalikirana mofanana: wodzaza, wa pakati, ndi wa pansi. Ankaisunga ngati ndodo ya ufumu.

Tisanayende ngakhale ulendo umodzi, mphunzitsi wina wa kumidzi ija anatumiza kalata ndi msodzi, kunena kuti kwabuka chikuku ndipo ana ayamba kumwalira. Lachisanu Bambo Msiska anatsika ku Mlowe, anaviika ndodo ya a Harawa, mafuta n'kufika pa mzere wa pakati. Injini inkamwa debe limodzi pa maola awiri, ndipo ulendo wopita ndi kubwera unali wa maola asanu ndi awiri. "Theka la madebe khumi ndi madebe asanu," anatero. "Ulendo ufuna atatu ndi theka. Masamu a ana asukulu awa, a Mbewe. Ku boma kulibe ngakhale dontho loti ndikuonjezereni. Ndikukatenga katemera, Lolemba m'mawa tinyamuka." Anaonjezanso kuti a Tcheyamani a chipani a m'deralo apita nafe kukachititsa msonkhano, ndiye boti likhale loyera.

Loweruka

M'mawa ndinazula matabwa opondapo kuti nditsuke sefa ya mafuta. Nditapisa mkono pansi, ndinapeza kuti thanki ija si bokosi monga ndinkaganizira. Inatsatira mimba ya boti, yotakata pamwamba, yopanikizika pansi, ngati m'kati mwa mtondo. Ndiponso kumbuyo kwake kunali msoko wokhakhala, woonetseratu kuti munthu wina anaidulapo n'kuiwotchereranso. Ndinaitana a Harawa, amene ankasoka ukonde pamchenga.

"Eya, adada, ndakumbuka," anatero atasuzumira. "Kumbuyoku kunachita dzimbiri chomene. Mzungu anapita nayo ku Nkhata Bay, anakaidula."

"Nanga pepala analikonza?"

"Pepala lichita dzimbiri kodi?"

Ndinawafunsa ngati pa zaka zonse zimene anayendetsa botilo anayamba atsikapo pansi pa mzere wa pakati. Anapukusa mutu. "Yayi. Mzungu anali wamantha. Mafuta akangofika pakati, ankatulutsa debe lina n'kuthira." Apo mpamene ndinazindikira kuti padziko lonse lapansi panalibe munthu wodziwa kuti pansi pa mzere umenewo pali mafuta ochuluka bwanji. Ndodo sinkanama, inkanena kuya kwa mafuta. Ndife amene tinkaiikira mawu m'kamwa.

Ndinagwira njakata. Foni kunalibe, bwana anali ku boma kuseri kwa mapiri. Kuti ndidziwe zoona ndinayenera kukhuthula mafuta onse, kuzula thanki, n'kuipima ndi chinthu chokhacho chimene tinali nacho chambiri, madzi a m'nyanja. Inu obadwa mochedwa simungamve kulemera kwa zimenezi. Masiku amenewo kuthira madzi m'thanki ya boti la boma, loti mukwera munthu wachipani, silinali tchimo la umakaniki. Dzina lake linali kuukira boma, ndipo munthu wopatsidwa dzina limenelo ankakwezedwa galimoto osabweranso msanga, ena osabweranso konse. Ndinakwera kunyumba kukawauza amayi anu, ndinawapeza akuchapa.

"Bambo a Esinati," anatero osandiyang'ana, "anthu amasowa pa zinthu zazing'ono kuposa zimenezi."

"Panyanja amasowanso," ndinayankha.

Anafinya nsalu nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye kapimeni masana, anthu onse akuona. Musabise kanthu." Malangizo amenewo ndi amene anandipulumutsa, ndipo ndikuwalemba apa chifukwa pamaso sindinawathokozepo mokwanira.

Tinakhuthula mafuta ndi paipi, ine ndi a Harawa. Debe loyamba linadzaza, lachiwiri linadzaza, lachitatu linangonyowa pansi, kenako kunatuluka matope akuda basi. Madebe awiri ndi kachigawo, pomwe bwana ankawerengera asanu. A Harawa anavula chipewa n'kukhala pansi. Tinamasula thanki n'kuinyamulira pamchenga, pafupi ndi matandala pomwe amayi ankayanika usipa. Ndinadula nsungwi yatsopano yowongoka. Ndikathira debe limodzi la madzi, ndinkaviika nsungwiyo n'kutema mzere ndi mpeni pomwe madzi alekeza. Mizere ya pansi inatalikirana, ya pamwamba inayandikana. Titafika debe lachinayi, madzi anayamba kuchucha pa msoko uja, ndiye kuti ngakhale tikanapatsidwa mafuta ambiri, ena akanathera pansi pa boti. Ndinatenthetsa chitsulo pamakala n'kumata ndi mtovu, tinapitiriza. Pa debe lachisanu ndi chiwiri, litangofika theka, madzi anasefukira. Thanki ya madebe khumi papepala inali ya madebe asanu ndi limodzi ndi theka.

Amayi a usipa aja anaona zonse, ndipo nkhani inafika kumsika ine ndisanasambe m'manja. Lamulungu kutchalitchi benchi imene ndinakhalapo inali ya anthu asanu ndi atatu, koma tinakhalapo awiri, ine ndi a Harawa.

Lolemba

Galimoto inafika m'mawa ndi Bambo Msiska, bokosi la katemera, ndi namwino wathu, Sisita NyaGondwe, mayi wamfupi wosaopa munthu. A Tcheyamani anali atafika kale pamchenga, atavala jekete lokhala ndi baji, anthu ambiri ali pambuyo pawo. Anali munthu wolemera pamalopo, mwini chigayo chokhacho cha dera lonse. Onse anapeza boti lili matumbo pamtunda, thanki ikuwothera dzuwa. Bambo Msiska anayang'ana thanki, anayang'ana ine, koma a Tcheyamani ndi amene anayamba kulankhula.

"Iwe ndiwe wa kuti?"

"Wa ku Ntcheu, a Tcheyamani."

"Wachoka ku Ntcheu kudzathira madzi m'boti la boma. Wakutuma ndani?"

Ndinafotokoza zonse, za msoko, za mtondo, za ndodo, n'kuwaonetsa madebe awiri ndi kachigawo. Anatembenukira kwa Bambo Msiska n'kufunsa kuti Lachisanu munali mafuta ochuluka bwanji. Bwana wanga sankadziwa kunama. Anayankha chapansipansi kuti malinga ndi pepala, munali madebe asanu. "Mwamva nonse," anatero a Tcheyamani. "Asanu. Apa pali awiri. Atatu wagulitsa, ndiye wathira madzi kuti abise umbava wake." Anthu anayamba kung'ung'udza. Ndikunena zoona, ndinaganiza za iwe Esinati, kuti udzakula ukumva kuti bambo ako anali wakuba mafuta a ana odwala.

Thanki inali itauma bwinobwino, yongoyenera kubwezera. Ndikanainyowetsanso, ulendo wa tsiku limenelo unali wolephereka, ndipo kumidzi kuja ana ankadikira. Koma njira ina panalibe. Ndinatenga debe lopanda kanthu n'kulipereka kwa a Tcheyamani ndi manja awiri. "Ine mwati ndine wakuba, ndiye ndisagwire kanthu. Thirani nokha madzi, a Harawa aviike ndodo yawo yakale ija. Ikafuna madebe asanu kuti ifike pa mzere wa pakati, mundimange pompano."

Kukana pamaso pa anthu onse aja sakanatha. Anapinda buluku, analowa m'madzi, anatunga. Debe loyamba anthu anawerenga mokweza. Lachiwiri chimodzimodzi. Atangoyamba kuthira lachitatu, a Harawa anakweza dzanja, anazula ndodo n'kuionetsa kwa anthu, madzi ali ndendende pa mzere wa pakati. Kenako a Harawa analankhula. "Zaka khumi ndi ziwiri ndayenda ndi ndodo iyi. Ndimayesa ndikuidziwa. Mwana uyu wanditsegula maso, yewo chomene."

Bambo Msiska anavula magalasi n'kuwapukuta, ngakhale anali oyera. "Tsono mafuta ena tiwapeza kuti?" anafunsa. Aliyense anayang'ana pansi, kupatula Sisita NyaGondwe. "Kodi chigayo chija chimayendera madzi?" anatero, akuyang'ana kumwamba ngati akufunsa mitambo. Wina kumbuyo anaseka n'kudzigwira pakamwa. A Tcheyamani anakhosomola, kenako analengeza mokweza kuti chipani chimakonda ana, ndipo iwo apereka madebe atatu a chigayo chawo. Anthu anaomba m'manja. Koma anthu atabalalika, a Tcheyamani anandikokera pambali, anatulutsa envulopu m'thumba la jekete n'kundionetsa. "Kalata iyi ndinalemba dzulo, ndipo ukudziwa komwe ikupita. Wandichititsa manyazi lero. Mawa injini ikangotsokomola kamodzi ndi madzi akowa, kalatayi inyamuka."

Masana onse ndinalimbana ndi thanki. Ndinaitsukuluza ndi parafini, ndinalowetsa nsanza pawaya, ndinaitembenuzira kudzuwa mbali iyi ndi iyo ngati ndikuyanika chinangwa. Chakumadzulo Bambo Msiska anabwera n'kuima pambali panga. Kenako anatulutsa mpango wawo woyera wa m'thumba, wositidwa bwino, n'kundipatsa. "Pukutirani uwu, tione ngati mwatsala chinyezi." Ndinaulowetsa mpaka pansi penipeni, unatuluka wakuda koma wouma. Sanaufunsenso mpangowo.

Lachiwiri

Tinanyamuka dzuwa litangotuluka, anthu asanu: a Harawa pa chiwongolero, Bambo Msiska, Sisita ndi bokosi lawo, a Tcheyamani, ndi ine pafupi ndi injini, khutu lili tcheru. Mafuta akale ndinali nditawasefa pansalu, ndipo pamodzi ndi a chigayo, nsungwi yanga inasonyeza pamwamba pang'ono pa mzere wachisanu. Maola awiri oyamba nyanja inali bata. Kenako mwera unadzuka, mphepo ija ya kumwera, ikutiomba pamphumi. Boti linkakwera funde n'kugwa ndi mimba, madzi akulowa, Sisita atakumbatira bokosi la katemera ngati khanda. Ulendo wa maola atatu ndi theka unayamba kutalika. Nthawi iliyonse boti likagwa ndinkadikira kuti injini itsokomole, chifukwa kugwedezeka kotero ndi kumene kumadzutsa dontho lililonse la madzi lobisala pansi pa thanki. Koma inkangoguguda mofanana, gu gu gu, ndipo sindinamvepo nyimbo yokoma chotero ngakhale kutchalitchi.

Patatha maola anayi ndi theka tinali tisanafike. Ndinaviika nsungwi katatu kuti nditsimikize, chifukwa mafuta ankavina m'thanki. Inasonyeza mzere wachitatu. Ndinakwawira kwa Bambo Msiska n'kuwaonetsa. "Bwana, madebe awiri ndi kachigawo aja athera pano." Anayang'ana nsungwi, kenako anayang'ana kumtunda. Kumeneko kunalibe mchenga ngakhale woti n'kuimikapo bwato, koma matanthwe okhaokha oima njo, mafunde akuswekapo n'kuuluka kupitirira denga la nyumba. Boti lozima injini pamalo amenewo, mwera ukanalipereka ku miyala ija tisanamalize Atate Wathu. A Tcheyamani anali atagona pansi, atasanza mpaka ndulu, koma anamva. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana matanthwewo.

Tinafika patatha maola asanu ndi theka. Amayi anali atandanda kale pansi pa mitengo ndi ana awo, ndipo Sisita anabaya katemera mpaka dzanja kutupa. Ine ndinkathandiza kuwiritsa majakisoni. Koma kuseri kwa sukulu kunali timanda tatsopano tinayi, ndipo mphunzitsi uja anatiuza kuti kamodzi anakakwirira Lolemba masana, nthawi imene ine ndinkayanika thanki kachiwiri. Sisita anandiuza kuti katemera sachiza mwana wodwala kale, kuti ngakhale tikanafika Lolemba sizikanasintha. Ndikudziwa kuti ankanena zoona. Komabe kamanda kameneko ndimakakumbukira mpaka lero, ndipo zimandiwawa.

Lachitatu

Tinabwerera m'mawa nyanja itagona, maola atatu okha. Titafika ku Mlowe nsungwi inasonyeza kuti mwatsala debe limodzi, monga momwe ndinawerengera tisananyamuke kumudzi kuja. Amayi anu anali ataima pamchenga, iwe uli m'manja, nkhope yawo ikuonetsa kuti sanagone masiku awiri. A Tcheyamani anatsika movutikira, anayenda pang'ono, kenako anabwerera. Anatulutsa envulopu ija, itanyowa ndi madzi a mwera, n'kuipereka kwa amayi anu, osati kwa ine. "Amama, kayatsireni moto," anatero, n'kumapita osacheuka. Amayi anu anaiyanika padenga la khitchini, ndipo itauma anayatsiradi mbaula. Sitinaitsegule. Ndinamwa tiyi wake makapu atatu.

Tsiku lomwelo Bambo Msiska anandiitanitsa m'kaofesi ka chipatala. Anatsegula fayilo ya boti, anatulutsa pepala la mzungu lija, anavula chivindikiro cha cholembera chawo. Munthu amene pa zaka zitatu sanalolepo kuti pepala lingalakwe anadula mzere pa nambala 40, n'kukweza maso. "Nenani, a Mbewe, ndilembe." Ndinati magaloni 26. Analemba, anasaina, n'kunditembenuzira pepalalo kuti nanenso ndisaine pansi pa dzina lawo. Ndinagwira ntchito m'boma zaka zambiri pambuyo pake, ndinakwezedwa kawiri, ndinapatsidwa wotchi popuma, koma palibe chimene chinandikoma ngati siginecha imeneyo. Kukangana sitinasiye, koma kuyambira pamenepo ndikati tayala latha, ankadzuka kukaliona.

Botilo linayenda zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo silinathere mafuta panyanja ngakhale kamodzi. A Harawa ndodo yawo yakale anaiponya m'nyanja okha. Matabwa ataola boti n'kuligwetsa, ine ndinali nditasamutsidwira ku Kasungu, koma a Harawa anatumiza nsungwi ija ndi dalaivala wa lole, ataikulunga m'nyuzipepala. Ndi imeneyo ili kuseri kwa chitseko. Ndikadzapita, njinga, wailesi ndi masipanala mudzagawane mmene mungafunire, koma nsungwiyo isadzalowe m'tsache. Ndi yako iwe Esinati. Ukadzaitenga, udzawerenge mizere kuchokera pansi, udzaike chala pa wachitatu. Tikananyamuka ndi mafuta akale okha aja, pamenepo ndi pomwe ukanayambira umasiye.